Nyali za Kumbuyo

Wapolisi wapamsewu pa Matawale sanandilipiritse.
Anangogogoda bodi ndi cholembera:
"Bambo, kumbuyo kuno kuli mdima. Lolemba ndisakuoneni chonchi."
Ndinatsika kukaona. Zoonadi.
Zaka zonsezi Datsun iyi ikutsika ku Chawe
ndi kachewere, matabwa, tsiku lina maliro,
ine maso kutsogolo basi.
Za kumbuyo kwanga amadziwa ndi onditsatira.

Loweruka masana ndinaiimika pansi pa mtengo wa mapeyala
kwathu ku Chinamwali.
Ndinayamba ndi fyuzi, poti Che Ajibu a pa Mpondabwino amati
yamba ndi chotchipa.
Fyuzi ili bwinobwino.
Ndinamasula galasi lofiira lija lomata ndi selotepi,
mkati muli madzi a mvula ya chaka chatha
ndi mavu awiri ouma.
Babu lakumanzere lada ngati dzino la wosuta chingambwe.
Ndinaika lina.

Koma buleki sungaponde uli kumbuyo,
nyali sungaione uli pa chiwongolero.
Ntchito iyi ndi ya awiri.
M'nyumba munali Sigele yekha,
amene sitinalankhulane chiyambire Lachiwiri
pa nkhani ya mnyamata wa kabaza uja.

Anakwera osandiyang'ana.
"Ponda!"
Anaponda.
Nyali ya buleki inayaka mwaulesi,
indiketa yakumanja nayo n'kumaphethira,
kanyali ka pa nambala kuzima, kuyaka, kuzima,
zonse kuyankhira funso la mmodzi
ngati ana a sitandade wani.
"Siya!"
Mdima.

Ndinagona chagada pa thumba la feteleza,
dothi louma la msewu wa ku Jali likundigwera m'maso.
Tesita yanga ndi kababu ka njinga yamoto ndi mawaya awiri.
Ndakhudza apa, kayaka. Apa, kayaka.
Ndinatsata waya wobiriwira ndi chala
kudutsa pomwe khoswe analawa,
pomwe mwini wake woyamba anakulunga ndi pepala la shuga,
pomwe ine ndinapotokola ndi mano usiku wina pa Thondwe.
Paliponse moto ukufika.
Nanga tsono?

"Ndipondenso?"
Mawu ake oyamba m'masiku anayi.
"Ponda, usasiye."

Ndiye ndinakaona, kawaya kakuda, kakafupi ngati chala,
komangidwa ku chasisi ndi bawuti
yomwe dzimbiri laidya mpaka mutu.
Efi.
Che Ajibu anandiuzapo, ine ndikuwerenga chenje:
moto suyenda ulendo wopita wokha.
Ukasowa pobwerera umalowa m'nyumba za eni,
kugogoda paliponse, kudzutsa ogona,
ndiye iwe umati mababu apenga.

Ndinapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinayera ngati kobiri latsopano,
ndinapaka girisi, ndinamanga ndi sipanala ya teni.
Inaterereka kamodzi, khungu la pachala linatsala pompo.

"Ponda!"
Khoma la bafa linafiira psuu,
nkhuku zolowa m'khola zinabwerera m'mbuyo.
"Siya. Kumanzere."
Yokha.
"Kumanja."
Yokha, mwaulemu, ngati wotchi.
"Livesi."
Sinayake. Imeneyo inafa mayi ake akadali moyo.
Ndidzaiona tsiku lina.

Anatsika, anazungulira, anaima pomwe ndinaima ine.
"Kapondeni inuyo, nane ndione."
Ndinakwera ndi manja akuda, ndinaponda.
Pagalasi ndinaona nkhope yake itafiira,
osaseka, osakwiya,
dzanja m'mwamba kuti ndisasiye.
Phiri linali litalowa kale mumdima,
magetsi Chinamwali yonse atathima,
kwa aneba wina akusaka machesi.
Mwendo unayamba kunjenjemera pa buleki.
Dzanja lija silinatsike.